Wamisala Adaona Nkhondo

Makolo athu adatisiyira mwambi woti wamisala adaona nkhondo. Mwambi umenewu umanena za anthu amene adazindikira mochedwa kuti munthu amene ankamseka uja ndiye ankanena zoona. Ndautenga lero pofuna kuteteza akazi ena a maiko akutali amene, pakati pa zaka za 1920 ndi 1970, adalemba mabuku achilendo zedi, odzaza ndi maloto, nyama zolankhula ndi zinthu zotembenuka chadodolido.

Akazi ameneŵa adazengedwa mlandu ndi magulu aŵiri amene sadyera mbale imodzi. Gulu loyamba ndi la amuna anzao olemba, amene adaŵaombera m'manja ponena kuti misala ya mkazi njokongola. Gulu lachiŵiri ndi la anthu opemphera, ena ali pakati pathu pompano, amene akangoŵerenga tsamba loyamba amatseka buku nati izi nza ziŵanda. Wina akuomba m'manja, wina akulavula malovu, komatu onse aŵiri agwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mkaziyu si mboni yoyenera kuimvera. Ine ndikutsutsana nao onse aŵiri.

Kumene zidachokera

Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 idapha asilikali a dziko la France pafupifupi 1,400,000. Mnyamata wina wophunzira za udokotala, André Breton, adatumikira m'zipatala za asilikali amene mitu yao idasokonezeka ndi mabomba. Iye ndi anzake adatuluka m'nkhondoyo ndi funso loŵaŵa: ngati anthu ophunzira, oganiza mwadongosolo, ndiwo adakumbitsa manda onseŵa, nanga nzeru zao zadongosolozo tingazikhulupirire bwanji? Tsono adatembenukira ku maloto, potsata maphunziro a Sigmund Freud wa ku Vienna, ndipo adayamba kulemba mothamanga, osaima ndi osakonza, kuti zobisika mumtima zituluke manyazi asanazigwire. M'chaka cha 1924, mu mzinda wa Paris, Breton adafalitsa chikalata chofotokoza njira yatsopanoyi. Dzina lake ndi Surrealism, ndiye kuti kupyola zimene maso amazitcha zenizeni.

Ndisakubiseni kanthu, aŵerengi okondedwa: gulu limeneli lidadana ndi Mpingo poyera. M'chaka cha 1926 magazini yao idasindikiza monyadira chithunzi cha mnzao Benjamin Péret akunyoza wansembe pa mseu, ndipo mu 1931 adalemba kalata yoyamikira anthu amene ankatentha matchalitchi ku Spain. Mkatolika amene amaliyang'ana gululi ndi diso la kumbali sakulakwa. Koma mlandu wa gulu sungagwere aliyense amene adapondako pa bwalo lake, makamaka iwo amene gulu lomwelo lidaŵatseka pakamwa.

Chikomekome cha mkuyu

Nkovuta kupeza alembi amene adatama mkazi kupambana aŵa. Kwa iwo mkazi adali khomo la zinsinsi ndi kasupe wa ndakatulo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka cha 1929 magazini yao, La Révolution surréaliste, idatulutsa tsamba limene likuulula zonse. Pakati pali chithunzi cha mkazi wosavala, chojambulidwa ndi René Magritte, ndipo m'mbali monse mwazungulira nkhope za amuna 16 a gululo, onse atatsinzina. Mkaziyo alibe dzina. Amunawo akumlota chabe, ndipo munthu amene ukumlota sangakutsutse. Chaka cha 1928 nkuti Breton ndi Louis Aragon atalemba kale nkhani yotama nthenda ya kusokonezeka mutu yotchedwa hysteria monga njira yapamwamba yoonetsera zamumtima, nakometsera nkhaniyo ndi zithunzi za mtsikana wodwala wa m'chipatala cha Salpêtrière.

Kutama misala ya mnzako iwe uli ndi nyumba yokagonamo nkosavuta. Pa 4 Okutobala 1926 Breton adakumana m'mseu wa Paris ndi mtsikana wosauka wa zaka 24, Léona Delcourt, amene ankadzitcha Nadja. Adayenda naye masiku pafupifupi khumi, akulemba zonena zake zodabwitsa, ndipo adasunga zojambula zake. M'mwezi wa Malichi 1927 mtsikanayo adatsekeredwa m'chipatala cha odwala misala, ndipo Breton sadapite kukamuona ngakhale tsiku limodzi. Mu 1928 buku lake lotchedwa Nadja lidatuluka, nkumpatsa ulemu umene ukadalipo mpaka lero. Mwini nkhaniyo adafera m'chipatala ku Bailleul mu 1941, atakhala chitsekerereni zaka pafupifupi 14. Mkhristu aliyense akudziŵa zimene Ambuye adzatifunse pa tsiku lomaliza za odwala ndi am'ndende, monga tiŵerenga pa Mateyo 25. Funso limenelo silidzamlambalala munthu chifukwa choti adalemba bwino.

Ngakhale mkazi amene adamlola kugwira cholembera, adamkonda akadali mwana. Gisèle Prassinos adali ndi zaka 14 zokha pamene adamtulukira mu 1934. Adamjambula chithunzi akuŵerenga ndakatulo zake pakati pa amuna akuluakulu, ndipo buku lake loyamba lidatuluka mu 1935. Iye adalembabe zaka zambiri pambuyo pake, namwalira mu 2015, koma mabuku a ukulu wake sadaimbidwirenso ng'oma ija. Ndipo m'buku limene Breton adasonkhanitsamo alembi 45 a nthabwala zoŵaŵa, Anthologie de l'humour noir, akazi alimo aŵiri okha. Nkutamatu kumeneko!

Mau a eni ake

Tsono timve zimene akaziwo adanena atalankhula okha. Leonora Carrington adabadwa mu 1917 ku Lancashire, m'dziko la England, m'banja la Chikatolika lolemera ndi malonda a nsalu. Mai ake ndiponso mlezi wake adali a ku Ireland, ndipo adamlera ndi nthano za kwao. Atakula, makolo ake adakamuonetsa ku nyumba ya Mfumu George V, monga ankachitira mabanja olemera pofuna kupezera ana ao aakazi amuna oyenera. Pa mwambo umenewu iye adalemba kankhani kotchedwa The Debutante. Mtsikana wosafuna kupita ku phwando la dansi apalana ubwenzi ndi fisi wa kumalo osungirako nyama zakuthengo, namtuma kuti akakhaleko m'malo mwake. Pofuna nkhope ya munthu, fisiyo apha wantchito wa m'nyumbamo navala nkhope yake. Ku phwandoko chimene chimgwiritsa ndi fungo. Ena mudzati nzonyansa. Indedi nzonyansa, koma taonani chimene chikunyansacho: phwando limene likufuna nkhope yokha ya mtsikana, osasamala za amene ali kuseri kwake, ndiponso nyumba imene mwana wa mmphaŵi amathamo kudyedwa kuti mwana wa wolemera apume.

Mu 1937 Leonora adakumana ndi wojambula zithunzi wa ku Germany, Max Ernst, amene adali womposa ndi zaka 26, nakakhala naye kumwera kwa France. Nkhondo yachiŵiri itabuka, Ernst adamangidwa kaŵiri popeza adali Mjeremani. Mu 1940 Leonora, ali ndi zaka 23, adathaŵira ku Spain, ndipo ku Madrid mutu wake udasokonezeka. Adamtsekera m'chipatala cha ku Santander, kumene adammanga pa bedi ndi kumbaya kangapo jekeseni wa Cardiazol, mankhwala ogwetsa munthu ngati wa khunyu. Zonsezi adazifotokoza yekha m'buku la Down Below, limene lidatuluka mu 1944. M'bukumo akusimba m'mene ankakhulupirira kuti chipwirikiti cha dziko lonse chaloŵa m'thupi mwake, ndipo adajambulamo ngakhale mapu a chipatalacho monga adachionera. Breton adaisuzumira misala pa zenera nati njokoma. Leonora adagonamo, ndipo palibe tsamba limene akuitcha yokoma. Nanga pa aŵiriŵa mboni ndani? Ndiponso m'chaka chimenecho cha 1940, pamene anthu ovala mataye ndi mayunifomu ankakonza mwadongosolo imfa ya anthu mamiliyoni, wamisala weniweni adali yani?

Atakhazikika ku Mexico, kumene adamwalira mu 2011 ali ndi zaka 94, adalemba buku lina, The Hearing Trumpet, lotuluka m'Chifalansa mu 1974 ndi m'Chingerezi mu 1976. Mwini nkhani ndi gogo wa zaka 92, Marian Leatherby, wogontha m'kutu. Mnzake ampatsa lipenga lomvera, ndipo chinthu choyamba chimene gogoyo amva nalo ndi upo wa mwana wake ndi mpongozi wake woti akamtaye ku nyumba yosungirako nkhalamba. Kumeneko apeza timanyumba toumbidwa ngati nsapato, bowa ndi keke, monga ngati okalamba ndi tiana. Pambuyo pake agogowo agwirizana nanyanyala chakudya. Amuna aja ankafuna mkazi wachitsikana, wokongola ndi wachete. Leonora adaŵapatsa gogo wa ndevu, wopanda mano, amene wayamba kumva. Banja lililonse limene limakamba za agogo ao pamaso pao, poganiza kuti sakumva, lili ndi chophunzira m'buku limeneli.

Mboni yachiŵiri ndi Suzanne Césaire wa pa chilumba cha Martinique, kumene zidzukulu za Aafirika otengedwa ukapolo zidamasulidwa mu 1848. Iye adali mphunzitsi ndiponso mai wa ana 6. Pamodzi ndi mwamuna wake Aimé Césaire ndi anzao ena adayambitsa magazini ya Tropiques mu 1941, nthaŵi imene chilumbacho chinkalamulidwa ndi boma la Vichy, logwirizana ndi Hitler. Chaka chomwecho Breton adadutsa pa chilumbacho pothaŵa nkhondo. Aimé adamtcha mlakatuli wamkulu. Suzanne adamlembera mau otama kukongola kwake. Chonsecho Suzanne adalemba nkhani 7 zakuya m'magaziniyo, ndipo boma litailetsa mu 1943, iye adali mmodzi mwa amene adasaina kalata yoyankha mosaopa. Nkhani yake yomaliza, Le grand camouflage ya 1945, ikuti kukongola kwa zilumbazo, maluŵa ake ndi nyanja yake, ndi nsalu yophimba njala, tsankho ndi zipsera za ukapolo. Kwa iye Surrealism idali chida chovundukulira nsaluyo. Nkhani zake zidadikira mpaka 2009 kuti zisonkhanitsidwe m'buku limodzi, iye atamwalira kale mu 1966.

Bwanji osalemba molunjika?

Pano wina adzafunsa kuti, ngati adali ndi zoona zoti anene, bwanji sadazinene molunjika? Yankho nlakuti chilankhulo cholunjikacho chidali ndi eni ake: dokotala wolemba lipoti, bambo wosaina chikalata, bwana woletsa magazini. Lipoti la chipatala lingathe kunena kuti wodwala adalandira mankhwala, osanama liu ndi limodzi lomwe, koma nkubisa zonse zimene wodwalayo adamva m'thupi. Virginia Woolf, mlembi wa ku England wa nyengo yomweyo, adaona vutoli. M'buku lake la 1929, A Room of One's Own, adati mkazi wofuna kulemba asoŵa ndalama ndi chipinda chakechake, ndipo adaonjeza kuti ngakhale kaumbidwe ka ziganizo kamene amuna adakazoloŵera sikamkwana mkazi. Chovala chikakuthina, umachisoka mwatsopano. Kulemba kwachilendo kwa akazi ameneŵa kudali kusoka kotero.

Ife amene tidakula ndi nthano sitiyenera kudabwa. Agogo akamasimba za fisi wovala ngati mkamwini, palibe amene amati apenga. Tonse timadziŵa kuti akunena munthu. Ndipo ife a Malembo Oyera tiyenera kudabwa pang'ono koposa. Mneneri Natani sadamloze chala mfumu Davide poyamba, adamsimbira za kamwana ka nkhosa. Mabuku a Daniele ndi Chivumbulutso, olembedwa pa nthaŵi za mazunzo, ngodzaza ndi zilombo za mitu ndi nyanga zambiri. Amene amaŵerenga za chilombo cha mitu 7 m'tchalitchi osatekeseka, alekerenji kupirira fisi mmodzi m'buku la mkazi?

Kwa inu anzanga opemphera

Tsopano nditembenukire kwa inu amene mumatseka bukulo chifukwa cha chikhulupiriro. Ndikumva nkhaŵa yanu, ndipo ina njoona. Leonora Carrington sadalembe ngati mwana womvera wa Mpingo. M'buku la gogo uja muli zonyoza masisitere ndi aepiskopi, ndiponso zamatsenga zimene Mkhristu sangazivomere. Si mabuku onse a akazi ameneŵa oyenera ana, ndipo kholo lili ndi udindo wosankha. Ndiponso kulemba mothamanga kwa a Surrealism si chivumbulutso cha Mulungu. Zotuluka mumtima wa munthu zili ndi tirigu ndi namsongole yemwe. Zonsezi ndavomera.

Chimene ndikukana ndi kuŵeruza musanamve. Mlandu woti mkazi wolankhula zachilendo ngwopenga ngwakale kuposa Surrealism, ndipo Malembo amatiwonetsa kuti oŵeruzawo amaphonya kaŵirikaŵiri. Wansembe Eli adaona Hana akugwedeza milomo m'Nyumba ya Mulungu namuyesa woledzera, chonsecho maiyo ankapemphera pemphero limene lidabala Samuele. Pa Luka 24 akazi adabwera kuchokera ku manda ndi uthenga woposa mauthenga onse, ndipo atumwi adauyesa nkhani yopanda pake.

Mbiri ya Mpingo wathu ilinso ndi akazi amene kalembedwe kao kakadadabwitsa Breton yemwe. Hildegard Woyera wa ku Bingen, amene adakhala kuyambira 1098 mpaka 1179, adalemba masomphenya 26 m'buku la Scivias, ndipo adapeka chilankhulo chakechake cha mau pafupifupi 1,000 ndi zilembo 23. Julian wa ku Norwich, atadwala pafupi kufa mu 1373, adaona chilengedwe chonse ngati kanthu kakang'ono konga mtedza m'dzanja lake, ndipo adafotokoza chikondi cha Yesu ngati cha mai. Lero Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amatchula mau ake. Teresa Woyera wa ku Avila mu 1577 adalongosola mzimu wa munthu ngati nyumba yachifumu yoŵala ngati galasi, ya zigawo 7, ndiponso ngati mbozi imene imafera m'chikwa chake kuti ituluke gulugufe. Sindikuti alembi a Surrealism ngofanana ndi oyeraŵa, iyai. Oyeraŵa adapereka masomphenya ao kuti Mpingo uŵayese, ndipo zipatso za moyo wao zidaŵachitira umboni. Koma taonani mtengo umene adalipira. Buku la mbiri ya moyo wa Teresa lidagwidwa ndi bwalo la Mpingo lofufuza ziphunzitso ku Spain, nilisungidwa zaka zoposa khumi. Ku Mexico, sisitere Juana Inés de la Cruz, mlembi wa ndakatulo yaitali ya maloto yotchedwa Primero sueño, adateteza ufulu wa akazi wa kuphunzira mu 1691, koma pasanapite zaka zambiri adasiyitsidwa cholembera ndi mabuku ake. Teresa adamwalira mu 1582, koma padapita zaka 388 kuti Papa Paul VI amtche Mphunzitsi wa Mpingo mu 1970, mkazi woyamba kulandira ulemu umenewu. Hildegard adadikira mpaka 2012, pa nthaŵi ya Papa Benedict XVI.

Mpingo womwe wazindikira kuchedwa kumeneku. M'kalata yao yopita kwa akazi ya 1995, Papa John Paul II adavomereza kuti mbiri yaphimba ntchito zambiri za akazi, napepesa pa gawo limene ana a Mpingo adatengapo. Mu 2024 Papa Francis adalemba kalata yapadera yolimbikitsa ophunzira unsembe ndi Akhristu onse kuŵerenga nthano ndi ndakatulo, popeza zimaphunzitsa munthu kumvetsera liu la mnzake. Tsono Mkhristu wokana kumvetsera asabisale kumbuyo kwa Mpingo. Ndipo ngati mtsikana wa m'banja la Chikatolika, amene adachotsedwa m'sukulu ziŵiri za masisitere monga adachitira Leonora, akula nalemba zoŵaŵa za ife, kodi chanzeru nkutseka makutu, kapena kufunsa chimene chidamlasa? Mdani wako akakuuza kuti denga lako likudontha, yamba wayang'ana kudenga.

Chimene chili pa mbale yathu

Dziko la ophunzira layamba kubweza ngongole yake. Whitney Chadwick adafalitsa buku lofufuza akazi ojambula a gululi mu 1985, ndipo mu 1998 Penelope Rosemont adasonkhanitsa zolemba za akazi oposa 90. Mu 2022 chionetsero chachikulu cha zaluso ku Venice chidatchedwa dzina la kabuku ka Leonora, The Milk of Dreams. Nzabwino, koma nkhata ya maluŵa pa manda sitonthoza amene adalira yekha ali moyo. Léona Delcourt sadaione.

Ife tili ndi mwai umene iwo alibe, chifukwa akazi athu akadali moyo. Nafenso timadziŵa kutama. Pa maukwati ndi pa zikondwerero za parishi timati mai ndi mzati wa banja, duŵa la m'nyumba. Koma mzati sulankhula, duŵanso silitsutsa. Mwina m'nyumba mwanu muli mwana wamkazi amene amadzaza kope ndi nkhani zosamveka mutu wake. Musathamangire kumuseka kapena kulitentha kopelo, mupempheni akuŵerengereni, ndipo mumfunse kuti fisi wakeyo ndani. Mwina muli mlongo amene adabwerako ku chipatala cha odwala misala, ndipo chibwerereni palibe wamfunsa zimene adaona. Nthenda yake isoŵa dokotala ndi mankhwala, koma nkhani yake isoŵa khutu. Mwina muli gogo amene mumakamba za iye ali pomwepo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kumvera sikutanthauza kuvomera zonse. Mutaŵerenga, tsutsani zoyenera kutsutsa, monga mumachitira ndi mlembi wamwamuna, pakuti kutsutsana ndi munthu pa zimene wanenadi ndi ulemu umene Breton sadampatse Nadja. M'maŵa uja wa Pasaka, pamene ena onse adapukusa mitu pa mau a akazi, Luka akutiuza kuti Petro adanyamuka nathamangira ku manda kukadzionera yekha. Sadayambe wakhulupirira, komanso sadakhale pansi. Ndipempha chomwecho kwa bambo, mai, mphunzitsi ndi wansembe aliyense amene buku lachilendo la mkazi lidzagwera m'manja mwake: nyamukani, kaoneni.